Njira Imodzi Siyokwanira: Kumanga Msana Wolimba wa Faiba M'nyumba za Maofesi Zosanjikizana

Pali mawu ena amene alimi ndi alangizi ambiri m'chigawo chino cha Africa adazolowera kuwamva akafika pawindo la ofesi m'tawuni: "Netiweki yavuta, mubwerenso mawa." Kwa wogwira ntchito amene wakhala kuseri kwa windo, mawuwa salemera kwenikweni, poti mawa adzakhalanso pampando womwewo. Koma kwa mlimi amene wadzuka tambala woyamba, n'kulipira kabaza ndi minibasi kuti adzalandire ndalama za soya kapena mtedza umene adagulitsa kudzera ku kopaletivi, tsiku lotere limatanthauza ndalama zoyendera zotayika, ntchito ya kumunda yoima, ndipo mwina mwana wobwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

Kawirikawiri chala chimaloza kampani yogulitsa intaneti, ndipo nthawi zina mlandu umakhaladi wake. Komabe pali masiku ena amene intaneti imakhala itafika bwinobwino pakhomo la nyumbayo, koma n'kulephera kukwera kukafika pansanjika yachitatu pamene pali mlembi wa zachuma. Chingwe chimodzi chodyedwa ndi khoswe, kapena makina amodzi amene azima m'kachipinda ka pansi pa masitepe, zingaimitse ntchito ya anthu a m'nyumba yonse. Vuto lotere limayamba pa tsiku limene mapulani a nyumba amajambulidwa popanda woganizira za mmene mauthenga adzayendere pakati pa nsanjika.

Nkhaniyi imakhudza anthu a kumudzi kuposa mmene ambiri amaganizira. Masiku ano mayina a olandira zipangizo zaulimi, malipiro a pafoni, mitengo ya pamsika, uthenga wa zanyengo ndi malipoti a alangizi zimadutsa m'makompyuta a makhonsolo, mabanki, makopaletivi ndi mabungwe omwe si a boma. Mabungwe ena akamakula amamanga kapena kuchita lendi nyumba zosanjikizana, ndipo amene amavomereza ndalama za ntchitoyo ndi makomiti osankhidwa ndi alimi eni ake. Membala wa komiti safunika kuchita kukhala katswiri wa makompyuta, koma ayenera kudziwa zoti afunse makoma asanapakidwe pulasitala.

Kodi msana wa netiweki n'chiyani?

Mlimi wa m'sikimu ya mthirira amadziwa kusiyana kwa ngalande yaikulu ndi tingalande tolowa m'minda. Kangalande kamodzi kakatsekeka, munda umodzi wokha ndi umene umauma, koma ngalande yaikulu ikagumuka, sikimu yonse imafota. M'nyumba ya maofesi zilinso chimodzimodzi. Mawaya amene amachoka pakhoma kupita ku kompyuta, ku pulinta kapena ku kachipangizo kofalitsa Wi-Fi ali ngati tingalande. Mawaya onse a pansanjika imodzi amakakumana m'kachipinda kamodzi, momwe muli makina ogawa mauthenga otchedwa switch. Kuchokera m'tizipinda timeneti, zingwe zina zimatsika kukafika ku chipinda chachikulu, kumene kumakhala makompyuta osunga mafayilo a bungwe ndiponso kumene intaneti yochokera kunja imafikira. Zingwe zolumikiza nsanjika zimenezi ndizo zimatchedwa msana wa netiweki.

Mawaya a kopa amagwira bwino ntchito pa mtunda waufupi. Miyezo imene amisiri a m'maiko ambiri amatsatira, monga ISO/IEC 11801 ndi TIA-568, imanena kuti waya wa kopa wopita ku kompyuta usapitirire mamita 100. Mwa mamita amenewa, 90 ndi a waya wodutsa m'makoma ndi m'denga, pamene 10 otsalawo ndi a timawaya tolumikizira kumapeto. Mtundawu sauyeza molunjika, koma motsatira makona onse amene wayayo akudutsa. N'chifukwa chake nsanjika iliyonse imafunika kachipinda kakekake, ndipo nsanjika yotambalala kwambiri ingafune tiwiri. Msana ndi umene umasenza mauthenga a anthu onse pamodzi, choncho umafunika chingwe choposa kopa.

Ulusi wagalasi wonyamula kuwala

Faiba ndi ulusi wa galasi loyera kwambiri, wowonda ngati tsitsi la munthu, umene umanyamula mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala m'malo mwa magetsi. Mu 1966, Charles Kao ndi George Hockham, omwe ankagwira ntchito ku England, adaonetsa kuti galasi likachotsedwa zitsotso lingathe kunyamula kuwala mtunda wautali. Mu 1970 akatswiri a kampani ya Corning ku America adapanga ulusi woyamba wokwaniritsa zimenezi, ndipo mu 2009 Kao adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo.

M'chaka chomwecho cha 2009, chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chidayamba kugwira ntchito m'gombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo cha EASSy chidatsatira mu 2010. Maiko opanda gombe monga Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amalumikizidwa ku zingwe zotere kudzera m'maiko oyandikana nawo, makamaka Tanzania, Mozambique ndi South Africa. Mabungwe a magetsi monga ESCOM ku Malawi ndi ZESCO ku Zambia amayendetsanso faiba pa nsanja zawo za magetsi. Motero uthenga umatha kuyenda makilomita zikwizikwi pa galasi, ndipo n'zomvetsa chisoni ukamakanirira pa mamita 20 omalizira a m'kati mwa nyumba.

Ubwino wa faiba m'nyumba si liwiro lokha. Choyamba, ulusi womwewo ungatumikire zaka zambiri: pofuna kuwonjezera liwiro, amasintha zipangizo za kumapeto osati chingwe. Chachiwiri, kuwala sikusokonezedwa ndi mamota a chikepe, jenereta kapena mawaya a magetsi odutsa pafupi. Chachitatu, galasi silinyamula mphamvu ya chiphaliwali. M'nyengo ya dzinja, mphezi ikagwa pafupi, waya wa kopa wolumikiza nyumba ziwiri ungathe kupsereza makina a mbali zonse, pamene faiba yopanda chitsulo siitero. Chingwe chokutidwa ndi chitsulo chokha ndicho chimafunika kulumikizidwa kunthaka. Pomaliza, galasi silikhala ndi msika kwa ogula zitsulo zakale, ngakhale kuti akuba ena amadula faiba poganiza kuti muli kopa.

Phunziro lochokera pansi pa nyanja

Lamulungu pa 12 Meyi 2024, zingwe za EASSy ndi SEACOM zidaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa. Intaneti idavuta kwambiri ku Tanzania, Mozambique, Malawi, Kenya ndi maiko ena, ndipo ntchito yokonza idatenga masabata. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake, pa 14 Malichi, zingwe zinayi za WACS, ACE, SAT-3 ndi MainOne zidawonongeka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la Côte d'Ivoire. Zingwezi zidali za eni osiyanasiyana, koma zidadutsa moyandikana, motero ngozi imodzi idazikhudza zonse. Makampani amene adali ndi njira ina yosadutsa pamalopo, monga chingwe cha Equiano chomwe chidafika ku Namibia ndi South Africa mu 2022, adapatutsira mauthenga kumeneko.

Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa, pochenjeza munthu wa mitima iwiri. Koma pa nkhani ya netiweki, chovumbwitsa ndi kukhala ndi phanga limodzi. Ndipo phunziro la 2024 likuwonjezera mfundo ina: zingwe ziwiri zodutsa malo amodzi si njira ziwiri ayi. Zimene zidachitika pansi pa nyanja zimachitikanso m'nyumba pamene mmisiri wa mapaipi a madzi aboola khoma n'kudula zingwe zonse ziwiri zimene zidalowetsedwa m'paipi imodzi.

Kayalidwe ka m'nyumba ya nsanjika zisanu

Njira yotchipa, imene imapezeka m'nyumba zambiri zomwe mawaya ake adaikidwa pang'onopang'ono, ndi yolumikiza nsanjika ngati mikanda: yoyamba ku yachiwiri, yachiwiri ku yachitatu, mpaka pamwamba. Poyamba zimaoneka ngati nzeru chifukwa chingwe chimalowa chochepa. Koma switch ya pansanjika yachiwiri ikazima, nsanjika zonse za pamwamba pake zimazimira limodzi, ngakhale makina awo ali bwinobwino.

Miyezo yatchulidwa ija imalimbikitsa kayalidwe kofanana ndi masipoko a njinga: nsanjika iliyonse ikhale ndi chingwe chakechake chopita mwachindunji ku chipinda chachikulu. Chingwe cha nsanjika yachiwiri chikaduka, ena onse amapitiriza ntchito. Kuti ngakhale a pansanjika yachiwiriyo asaime, nsanjika iliyonse imapatsidwa zingwe ziwiri, chilichonse chodzera njira yakeyake. Mwachitsanzo, ngati nyumba ili ndi masitepe mbali ziwiri, mpata umodzi wokwerera zingwe ungamangidwe pafupi ndi masitepe a kum'mawa, wina pafupi ndi a kumadzulo. M'chipinda chachikulu mukhale ma switch aakulu awiri, ndipo chingwe cha kum'mawa chilowe ku imodzi, cha kumadzulo ku inzake. Makinawa amatcheredwa mwakuti njira imodzi ikafa, mauthenga amapatukira okha ku inayo popanda munthu kukhudza kanthu.

Tizipinda ta nsanjika zonse tiyenera kukhala tosanjikizana, kamodzi pamwamba pa kanzake, kuti zingwe zikwere molunjika. Izi n'zosavuta ngati katswiri wojambula mapulani wauzidwa ntchito isanayambe. Konkire ikauma, kuboola nsanjika kumadula, ndipo kukachitika mosasamala kumafooketsa nyumba.

Mfundo yomweyi ikhudzanso polowera intaneti yochokera kunja. Bungwe lingalembetse ku makampani awiri, koma n'kupeza kuti onse amadutsa m'dzenje limodzi la m'mbali mwa msewu, kapena kuti ina imabwereka chingwe kwa inzake. Katapila mmodzi wokonza msewu amadula zonse. Choncho m'pofunika kupempha kampani iliyonse kuti ionetse pamene chingwe chake chikudutsa, ndiponso kukonza malo awiri olowera m'nyumba, mbali zosiyana. Kumene kampani yachiwiri ya faiba kulibe, intaneti ya pafoni kapena ya setilaiti ingakhale njira yodalira pa tsiku la mavuto. Starlink, mwachitsanzo, idayamba kupezeka ku Mozambique, Malawi ndi Zambia mu 2023, ndipo ku Zimbabwe mu 2024.

Kusankha mtundu wa faiba

Faiba ilipo ya mitundu ikuluikulu iwiri. Mu mtundu woyamba, wotchedwa multimode, kanjira ka kuwala ka pakati pa ulusi n'kotambalala pang'ono: milimita imodzi itagawidwa m'zigawo 1,000, kanjirako ndi zigawo 50. Mu mtundu wachiwiri, wotchedwa singlemode, kanjirako ndi zigawo pafupifupi 9 zokha, ndipo kuwala kumayenda mtunda wautali osamwazika. Pa liwiro la magigabiti 10 pa sekondi, multimode ya OM3 imafika mamita 300, ya OM4 mamita 400, pamene singlemode ya OS2 imafika makilomita 10 ndi zipangizo wamba. Liwiro likakwera kufika pa magigabiti 100, mtunda wa OM4 umatsika kufika pa mamita 100.

M'nyumba ya nsanjika zisanu mitundu yonse iwiri ingagwire ntchito. Kale anthu ankakonda multimode chifukwa tizipangizo totumiza kuwala kumapeto kwake tidali totchipa kwambiri poyerekeza ndi ta singlemode. Kusiyana kwa mitengoku kudachepa, ndipo okonza mapulani ambiri tsopano amasankha singlemode, poti siidzafunika kuzulidwa liwiro likadzakwera, komanso ingapitirire kukafika ku nyumba ina, monga nyumba yosungiramo mbewu ya kuseri kwa mpanda. Chofunika kwambiri n'chakuti mitundu iwiriyi isasakanizidwe pa njira imodzi, chifukwa kuwala kwambiri kumatayikira polumikizira. Khungu la chingwe cha m'nyumba limathandiza kuzindikira: lachikasu nthawi zambiri ndi singlemode, la mtundu wa pakati pa buluu ndi wobiriwira ndi OM3 kapena OM4, pamene la olenji ndi multimode yakale imene siyeneranso kugulidwa pa ntchito yatsopano. Komabe umboni weniweni ndi zilembo zosindikizidwa pa chingwecho.

Kulumikiza makina awiri kumafuna timaulusi tiwiri, kamodzi kotumiza, kena kolandira. Ngakhale zili choncho, si nzeru kugula chingwe cha timaulusi tiwiri tokha. Ndalama zambiri zimapita ku mapaipi, ku amisiri ndi ku ntchito yokoka chingwe, osati ku galasi la m'kati mwake. Nsanjika ikapatsidwa zingwe ziwiri za timaulusi 12, imakhala ndi 24, ndipo poyamba tinayi tokha ndi timene timagwira ntchito. Totsalato timadikira makamera a chitetezo, bungwe lina lodzachita lendi, kapena tsiku limene kaulusi kena kadzathyoke. Mapaipi nawonso asadzazidwe. Pasiyidwe malo a zingwe za mtsogolo.

Galasi silifuna magetsi, koma makina amafuna

Msana wokonzedwa bwino ndi wachabe ngati makina a kumapeto kwake azima. M'chigawo chino vuto la magetsi si lachilendo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo Malawi adataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chidatsitsa madzi m'damu la Kariba, ndipo ku Zambia ndi Zimbabwe magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku.

Cholakwika chofala ndi kuteteza chipinda chachikulu chokha n'kuiwala tizipinda ta m'mwamba. Kachipinda kalikonse kayenera kukhala ndi bokosi la mabatire lotchedwa UPS, lokwanira kusunga makina mpaka jenereta kapena mabatire a sola atayamba kugwira, ndipo masoketi ake akhale pa mzere wa magetsi wolumikizidwa ku jeneretayo. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa masiku ano mafoni a patebulo, makamera ndi zipangizo za Wi-Fi zimalandira magetsi kuchokera ku switch kudzera mu waya wa netiweki womwewo. Switch ikazima, zonsezi zimazima. Mabatire a UPS amatha pakapita zaka zochepa, ndipo kutentha kumawapha msanga. Choncho kachipinda kazipita mphepo, ndipo mabatire aziyesedwa pa nthawi yoikika m'malo modikira kuti magetsi azime.

Malo a chipinda chachikulu nawonso aganiziridwe bwino. Chipinda cha pansi pa nthaka chimadzaza madzi mvula ikachuluka. Chipinda cha pansi pa zimbudzi kapena thanki ya madzi chili pa ngozi ya kudontha. Ndipo kachipinda ka makina kasasanduke kosungiramo matsache, zidebe, mapepala akale kapena matumba a mbewu. Kazikhala kokhoma, ndipo adziwike amene amasunga makiyi.

Moto, makoswe ndi fumbi

Mpata wokwerera zingwe uli ngati chumuni. Moto ukayamba pansi, utsi ndi malawi zimakwera mofulumira kudzera m'mabowo a pakati pa nsanjika. Mu Febuluwale 1975, moto umene udayamba m'chipinda cha zingwe cha pansi pa nyumba ya matelefoni ku New York udakwera potsatira zingwe zokutidwa ndi pulasitiki, ndipo matelefoni oposa 170,000 adakhala osagwira ntchito kwa masabata pafupifupi atatu. Pofuna kupewa zotere, bowo lililonse lodutsa chingwe liyenera kutsekedwa ndi zomatira zosagwira moto, ndipo zingwe za m'nyumba zikhale zosafalitsa moto. Pali zingwe zolembedwa LSZH zimene zikapsa zimatulutsa utsi wochepa komanso wopanda mpweya wina woopsa umene umachokera ku pulasitiki wamba. Chingwe chakuda chopangidwira panja chisayendetsedwe m'nyumba yonse. Chithere pafupi ndi polowera.

Kutseka mabowo kumaletsanso makoswe, amene amatafuna khungu la zingwe. Maofesi oyandikana ndi mosungira chimanga kapena mtedza ayenera kusamala kwambiri, ndipo pamalo oterowo chingwe chidutse m'paipi kapena chikhale chokutidwa ndi chitsulo.

Faiba sikonda kupindidwa mothinana. Lamulo limene amisiri ambiri amatsatira ndi lakuti chingwe chonenepa sentimita imodzi chikhote ngati chikuzungulira mbale ya masentimita 20 m'mimba mwake, ndipo pamene chikukokedwa, kukhotako kukhale kotambalala kuwirikiza kawiri. Chikapindidwa kupitirira apo, kuwala kumatayika kapena galasi limasweka m'kati, khungu likuoneka labwinobwino. Pokwera, chingwe chizimangiriridwa pansanjika iliyonse kuti chisalendewere ndi kulemera kwake, koma osachifinya.

Mdani wina ndi fumbi. Kanjira ka kuwala n'kakang'ono kwambiri moti kachitsotso kosaoneka ndi maso kangathe kukaphimba. Mmisiri wodziwa ntchito amayang'ana nsonga ya cholumikizira ndi kachipangizo kokulitsa zinthu, amaipukuta ndi zopukutira zake, ndipo amavundikira malo onse osagwiritsidwa ntchito. Kupukuta ndi malaya kapena kuuzira ndi pakamwa kumangowonjezera litsiro. Munthu asasuzumire m'nsonga ya faiba pofuna kuona ngati ikuyaka, chifukwa kuwala kwake sikuoneka ndi maso koma kungawononge diso. Tizidutswa ta galasi totsala polumikiza titoleredwe m'kabotolo, poti timalowa m'khungu ngati minga.

Kontilakita asanalipidwe

Kuona timagetsi tobiriwira tikuphethira pa makina si umboni wakuti ntchito yagwiridwa bwino. Njira yofooka imatha kugwira lero n'kuyamba kuvuta pakatha miyezi ingapo. M'pangano la ntchito mulembedwe kuti kaulusi kalikonse, kuphatikizapo tosungidwa tija, kadzayezedwa. Pali chipangizo choyeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwatayika kuchoka mbali ina kufika inzake, ndipo china, chotchedwa OTDR, chimaonetsa malo enieni pamene pali mfundo yoipa kapena popindika. Zotsatira ziperekedwe kwa bungwe, zolembedwa, kuti pakadzabuka vuto padzakhale poyerekezera.

Chingwe chilichonse chikhale ndi nambala kumapeto konse kuwiri, ndipo pakhale chojambula choonetsa pamene chadutsa. Kope limodzi likhale m'chipinda chachikulu, lina kwa mlembi wa bungwe. Mabungwe ambiri amavutika mmisiri amene adaika mawaya akasamukira kwina, chifukwa zonse zidali m'mutu mwake.

Pali kuyesa kwina kumene membala aliyense wa komiti angakuone ndi maso ake. Pa tsiku lolandira ntchito, kompyuta ya pansanjika yapamwamba ikugwira ntchito, mmisiri azule chingwe cha kum'mawa. Ntchito ipitirire. Achibwezere, azule cha kumadzulo. Kenako azimitse switch yaikulu imodzi, ndipo pomaliza azimitse magetsi a nyumba yonse. Ngati penapake netiweki yafa, ndiye kuti njira yachiwiri ilipo pa pepala pokha, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire kufikira atakonza.

Ntchito siithera pomwepo. Njira imodzi ikafa mwakachetechete, anthu sazindikira chifukwa inayo ikugwira, ndipo bungwe limabwerera ku phanga limodzi mosadziwa. Pakhale munthu wolandira chenjezo la makina ndi woyendera tizipinda mwezi ndi mwezi. Ogwira ntchito osachepera awiri aphunzitsidwe zoyambirira, ndipo m'kabati musungidwe timawaya ndi tizipangizo totumiza kuwala tapadera. Nyumba zambiri za chitukuko zimamangidwa ndi thandizo la mabungwe akunja, koma thandizo limatha. Ndalama zosinthira mabatire ndi kukonzetsa makina zilowe m'bajeti ya chaka ndi chaka ya bungwe lenilenilo.

Mafunso a komiti

Safunsa adadya phula. Komiti imene ikukonza zomanga, ngakhalenso imene ikufuna kuchita lendi pansanjika ya nyumba ya eni, ili ndi ufulu wofunsa katswiri kapena mwini nyumba mafunso awa, ndi kupempha kuti mayankho alembedwe:

Kodi nsanjika iliyonse ili ndi chingwe chakechake chopita ku chipinda chachikulu, kapena ikudalira nsanjika ya pansi pake?

Kodi njira yachiwiri ilipo, ndipo ikudutsa kutali bwanji ndi yoyamba?

Kodi faibayo ndi ya mtundu wanji, ndipo timaulusi tosungidwa ndi tingati?

Kodi magetsi akazima, makina a pansanjika iliyonse akhala akugwira kwa nthawi yaitali bwanji?

Kodi mabowo a pakati pa nsanjika atsekedwa ndi zosagwira moto?

Kodi zotsatira za kuyeza ndi zojambula zili kuti, ndipo chingwe chikaduka amene adzalipire ndani?

Bungwe lina silingakwanitse kugula ma switch aakulu awiri kapena kulipira makampani awiri a intaneti chaka choyamba. Zimenezo zingadikire, chifukwa makina amagulidwa tsiku lililonse ndalama zikapezeka. Chimene sichingadikire ndi mipata iwiri yokwerera zingwe, mapaipi okwanira ndi tizipinda tosanjikizana, poti izi zimatchipa pa pepala la mapulani koma zimadula kwambiri nyumba ikatha. Komiti imene yaumirira pa zimenezi imakhala yatumikira anthu amene mwina sadzaonapo chingwe cha faiba m'moyo wawo. Mmodzi wa iwo ndi mlimi uja wa pawindo, amene pa tsiku limene khoswe wadula chingwe cha kum'mawa adzalandira ndalama zake, n'kukwera minibasi ya masana kubwerera kumudzi.